Ng'ombe kapena mbuzi ikatupa mimba: mafuta, paipi, soda, mpeni kapena kwa abutchala?

Mvula yoyamba ikangogwa kuno ku Lilongwe, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, msipu umaphuka msanga m'madambo a ku Mitundu, Malingunde ndi Nsundwe, ndipo ziweto zimene zatha miyezi zikukukuta mapesi ouma zimaugwera mosadziletsa. Ndi nyengo imene mumamva kuti ng'ombe ya auje yatupa mimba m'mawa, masana yafa. Nyengo ina yotere ndi yokolola, Epulo mpaka Juni, chimanga chili pa mikukwe ndi pabwalo, madeya ali mbwee. Anthu akasonkhana pakhola aliyense amafika ndi nzeru yake: uyu mafuta ophikira, uyo soda, wina palafini, wina watulutsa kale mpeni. Onsewo akufuna kuthandiza. Koma mimba yotupa ili ndi zoyambitsa zingapo, ndipo mankhwala amene amapulumutsa chiweto pa vuto lina ndi omwewo amene amachitsiriza pa vuto linzake.

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zili ndi zifu zinayi. Chachinayi ndicho chimagwira ntchito ngati chathu. Zitatu zoyambazo ndi pamene pamagona nkhani yathuyi. Choyamba ndi chifu chachikulu, chimene chimadzaza mbali yonse ya kumanzere, ndipo pa ng'ombe yaikulu chimalowa malita opitirira 100. Chili ngati mbiya ya mowa imene sisiya kuwira: muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa udzu, ndipo ng'ombe ikangodya, mpweya wotuluka m'menemo umafika malita 30 mpaka 50 pa ola. Mpweya wonsewo uyenera kutuluka pogeya. Malovu amene ng'ombe imameza pobzikula, malita oposa 100 pa tsiku, ndi amene amachepetsa asidi m'chifumo. Chachiwiri ndi kachifu kakang'ono ka timaenje, kamene kali kutsogolo, pansi, kotsamira mnofu wolekanitsa mimba ndi chifuwa. Kuseri kwa mnofuwo kuli mtima. Chilichonse cholemera chimene ng'ombe yameza chimagwera m'kachifu kameneka. Chachitatu, cha mapepala ambiri chija, chimayamwa madzi ndipo sichidwala pachokha kawirikawiri.

Musanagwire botolo lililonse, funsani mbusa kuti chiwetocho chadya chiyani ndipo chayamba liti. Mufunseni mofatsa, chifukwa mwana amene akuopa mkwapulo sanganene kuti mbuzi zinalowa m'nkhokwe. Kenako imani kumbuyo kwa chiweto muone dzenje la kumanzere, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Ngati latukumuka mpaka kupitirira msana m'maola ochepa, ndi mpweya kapena thovu. Ngati mimba yalemera chakumunsi, mukaikankha ndi chibakera mukumva madzi khuvukhuvu, ganizani za chimanga ndi madeya. Ngati chiweto chakhala chikuonda kwa masabata, mimba yokha ili tolotolo, ganizani za majumbo.

Mafuta ophikira ndi paipi

Mafuta ndimawaika patsogolo chifukwa ali m'nyumba iliyonse, ndipo pa vuto lake amagwiradi ntchito. Vuto lakelo ndi thovu. Chiweto chanjala chikadya msipu wanthete wa mame, makamaka masamba a khobwe, soya kapena nyemba, mpweya sukwera pamwamba pa chifu ayi. Umakodwa m'timathovu tambirimbiri tosakanikirana ndi chakudya, ndipo chiwetocho chimalephera kugeya. Madeya osalala kwambiri operekedwa popanda udzu amachitanso zomwezi. Mafuta amaphwanya thovulo. Ng'ombe yaikulu imafuna mamililita 250 mpaka 500, mbuzi kapena nkhosa 50 mpaka 100. Mukamwetsa, iyendetseni pang'onopang'ono kapena muiimike pachulu miyendo yakutsogolo ili kumtunda, mukusisita mbali ya kumanzere. Kamtengo kopingasa m'kamwa, komangidwa ndi chingwe kuseri kwa makutu, kamaichititsa kutafuna ndi kutulutsa malovu ambiri, ndipo zimenezi zimathandiza.

Kamwetsedwe ndiye kamapha ziweto zambiri kuposa mafutawo. Anthu amakweza mutu wa ng'ombe kumwamba, wina n'kukoka lilime, wina n'kukhuthula botolo lonse nthawi imodzi. Ng'ombe yogwidwa motero singameze bwino, mafuta amalowera ku mapapo, ndipo pakapita masiku angapo imafa ndi chibayo, mwini wake n'kumati kutupa kuja kunabwereranso. Mutu ukhale mmene umakhalira ng'ombe ikaima, botolo lilowe m'mbali mwa kamwa, muzithira pang'ono n'kudikira imeze. Ikatsokomola, lekani. Chiweto chimene chagona chammbali, chosatha kudzutsa mutu, sichimwetsedwa kanthu.

Palafini wa nyale ndimamukaniratu. N'zoona kuti amaphwanya thovu, n'chifukwa chake ena amamulumbirira, koma amawotcha chifu, akalowa ku mapapo ngakhale pang'ono amawononga kotheratu, ndipo fungo lake limalowa mu mkaka ndi mu nyama. Pali mafuta ena a ku famase, oyera, opanda fungo, otchedwa liquid paraffin. Amenewo ndi abwino, koma si palafini wa pagolosale. Zakumwa za gasi nazo zilibe malo pano, chifukwa mukuwonjezera mpweya ndi shuga m'chifu chimene chadzaza kale.

Pali kutupa kwina kumene mafuta sangakuthe. Mpweya uli pamwamba bwinobwino, koma njira yatsekeka. Nyengo ya msipu ndi nyengonso ya mango, ndipo ng'ombe imatha kumeza bango lathunthu n'kutsamwa. Mbatata ndi chitsononkho zimateronso. Imatambasula khosi, malovu ali chuchuchu, ikuyesa kumeza koma osatheka. Kuithira mafuta ambiri apa ndi kuwatumiza ku mapapo. Nthawi zina chinthucho chimamveka m'khosi chakumanzere, ndipo munthu angachikankhire kumtunda ndi zala zake ali kunja. Chonde musapise dzanja m'kamwa mwa ng'ombe yotuluka dovu. Chiwewe chimaoneka chimodzimodzi, ndipo agalu achiwewe sasowa m'midzi yathu.

Apa ndi pamene paipi imaposa njira zonse. Ndi paipi yofewa, yotalika mamita 2 kapena 3, yosalazidwa kumapeto, yodutsitsidwa pa thabwa loboola kuti ng'ombe isaitafune. Ubwino wake ndi wakuti imachiza ndi kukuuzaninso chimene mukulimbana nacho. Ikafika m'chifu mpweya wonunkha n'kutuluka fuu, mimba n'kuphwa, ndiye kuti unali mpweya wamba. Ikafika koma osatuluka kanthu, kumapeto kwake kukubwera thovu lobiriwira, ndiye kuti ndi thovu, ndipo mafuta mungawathirire m'paipi momwemo osaopa mapapo. Ikakana kupitirira, pali chotsekereza. Kuipa kwake ndi kwakuti ikhoza kusochera kulowa kukholingo. Ng'ombe ikamatsokomola, mpweya wosanunkha n'kumatuluka m'paipi nthawi iliyonse ikapuma, mwalowa polakwika. Luso limeneli ndi loti alangizi a ziweto akuonetseni ndi manja pa ng'ombe yamoyo, tsiku limene palibe chiweto chodwala.

Kuboola

Ikafika poti ng'ombe yatsegula kamwa, lilime kunja, ikudzandira kapena yagwa, nthawi ya mafuta yatha. Chifu chapanikiza mapapo ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo imfa ingabwere m'mphindi zochepa. Apa kuboola ndi chifundo. Malo ake ndi kumanzere basi, pakati penipeni pa dzenje lija, kutalika kwa chikhatho kuchokera pa nthiti yomaliza, pa fupa la chiuno ndi pa mafupa a msana, nsonga italoza ku chigongono cha mwendo wakutsogolo wa kumanja. Kumanja kuli matumbo. Mukaboola kumeneko mwaipha.

Chida chake ndi trocar, chitsulo chosongoka chokhala m'kachubu. Mukabaya mumasolola chitsulocho, kachubu n'kutsala kakutulutsa mpweya. Mpeni umalephera pomwepa: chifu chikayamba kuphwa chimasuntha, bowo la pachikopa ndi la pachifu sizilunjikanso, ndipo zam'chifu zimatayikira m'mimba. Ng'ombe imadzuka lero, anthu n'kuombera m'manja, koma pakatha masiku ochepa m'mimba mwachita mafinya. Ngati mpeni ndi wokhawo umene muli nawo ndipo ng'ombe ikufa, boolani, lowetsani kapaipi koyera pabowopo kuti lisatsekeke, ndipo alangizi afike tsiku lomwelo kudzatsuka, kusoka ndi kubaya jakisoni. Dziwaninso kuti thovu limatseka kachubu ka trocar. Kuthira mafuta kudzera momwemo kumathandiza, koma likakanika pamafunika kung'amba bowo lalikulu, ntchito ya dokotala. Kuboola ng'ombe imene ikuyenda ndi kupuma bwino, chifukwa chakuti mwini wake wachita mantha, ndi kuipatsa bala limene silinafunike.

Soda, ndi nthawi imene soda amapha

Mbuzi yang'amba thumba la chimanga usiku. Ng'ombe ya mkaka yapatsidwa madeya kapena masese ochuluka mwadzidzidzi kuti mkaka ukwere. Ziweto zadya nsima yotsala pa ukwati kapena pa maliro. M'chifu, tizilombo tokonda zaufa timachulukana msanga n'kupanga asidi amene amapha tizilombo togaya udzu, amasupula khoma la chifu, ndi kukokera madzi a m'thupi kulowa m'chifumo. Zizindikiro sizibwera pompopompo. Zimatenga maola 12 mpaka 36. Chiweto chimasiya kudya ndi kubzikula, chimakukuta mano, chimatsegula m'mimba zotuwa zonunkha chowawasa, nthawi zina muli njere za chimanga. Maso amalowa m'kati ngakhale mimba yadzaza madzi. Zikafika poipa imfa imabwera pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu.

Mafuta apa athandiza pang'ono chabe, kuboola n'kopanda phindu. Soda wophikira therere uja ndiye mnzanu, chifukwa amachepetsa asidi. Mbuzi yaikulu imwetseni supuni yaikulu imodzi yosungunula m'kapu ya madzi. Mlingo wa ng'ombe ndi waukulu ndipo umatengera kulemera kwake, choncho alangizi ndiwo akuuzeni, ngakhale pa foni. Chotsani madeya onse, perekani udzu wouma, ndipo musachilole kumwa madzi mmene chikufunira tsiku loyamba, muzichipatsa pang'onopang'ono. Ena amagwiritsa ntchito chidulo. Ganizo lake ndi lolondola, koma mphamvu ya chidulo siyezeka, ndipo chikakhala chaukali chimawotcha kummero. Soda wa m'paketi ndi wotsika mtengo, palibe chifukwa choyesera.

Soda amathandiza chiweto chimene chikadaimirira. Chimene chagona, chozizira makutu, chimafuna madiripu, jakisoni wa vitamini B1, ndipo mwina kung'amba chifu n'kuchotsamo chimanga chonsecho. Pali chithandizo china chimene ambiri sachidziwa koma n'champhamvu: madzi osefa a zam'chifu za chiweto chathanzi chimene changophedwa kumene n'kuyezedwa, omwetsedwa akadali ofunda, amabwezeretsa tizilombo tabwino timene tinafa. Ndipo chiweto chikachira musafulumire kusangalala. Ziboda zimatha kuyamba kupweteka, chiwindi kuchita zithupsa, yabere kutaya mwana.

Tsopano chenjezo limene ndikufuna lifike kwa mlimi aliyense wa chimanga. Mu Disembala ndi Januwale feteleza wa urea amakhala pakhonde, m'munda, kapena m'madzi otsukira matumba. Ng'ombe ikanyambita, pasanathe ola imayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kudzandira, mimba n'kutupa. Apa chifu sichinachite asidi. Chapendekera mbali inayo, yotsutsana ndi asidi. Soda amafulumizitsa poizoni kulowa m'magazi. Chofunika ndi viniga, malita 2 kapena kuposerapo kwa ng'ombe, theka la lita kwa mbuzi, motsatana ndi madzi ozizira ambiri. Mimba ziwirizi zimatha kuoneka mofanana kwa munthu wongofika kumene, ndipo yankho la mbusa lija ndilo limasiyanitsa soda ndi viniga.

Msomali ndi waya: maginito, opaleshoni kapena kugulitsa

Ng'ombe simasankha chakudya. Imakokolola ndi lilime n'kumeza osatafuna kwenikweni. Mbuzi imatola ndi milomo, n'chifukwa chake vuto ili siliigwira kawirikawiri. Ng'ombe za mkaka zodyera m'khola ndizo zili pangozi kwambiri, popeza nsenjere zodulidwa m'mbali mwa msewu ndi madeya osesa pansi pa chigayo zimabwera ndi misomali, tizidutswa ta waya wa m'matayala otenthedwa ndi waya womangira khola. Chitsulocho chimagwera m'kachifu ka timaenje kaja, kachifuko kakafinya n'kubaya khoma lake. Bere lalikulu ndi kudzikakamiza pobereka kumachikankhira patsogolo.

Mkaka umatsika mwadzidzidzi. Ng'ombe imaima itapinda msana, zigongono zitatayana, ikubuula pogona ndi podzuka, ikukana kutsika pamtsetse. Mukaitsina msana pafupi ndi linunda, yathanzi imaweramira pansi, koma iyi imaumirira kapena kubuula. Mimba imatupa pang'ono chabe, ndipo palibe mafuta kapena soda amene angasinthe kanthu.

Njira yotsika mtengo ndi maginito a ng'ombe, aatali ngati chala, amene amamezetsedwa n'kukakhala m'kachifuko moyo wonse. Amayendera limodzi ndi jakisoni wa masiku angapo wopha tizilombo, ndi kuimanga ng'ombe malo amodzi kwa sabata imodzi kapena awiri, kutsogolo kuli kokwera. Vutoli likapezeka msanga, ng'ombe zambiri zimachira motere. Maginito amodzi ndi okwanira. Awiri amagwirana n'kuchepetsana mphamvu. Sagwira waya wa kopa kapena aluminiyamu, ndipo sangabweze msomali umene wadutsa kale. Pakapita masiku atatu popanda kusintha, njira yotsala ndi opaleshoni: dokotala amang'amba kumanzere ng'ombe ili chiimire, atabaya dzanzi, n'kupisa dzanja mpaka m'kachifuko. Kwa ng'ombe ya mkaka imene ikulipirira ana sukulu, ndalama imeneyo ndi yoyenera kuilowa.

Koma mukaona pansi pa khosi ndi pachifuwa patupa madzi, mitsempha ya m'khosi yatukumuka ngati zingwe, chitsulo chafika pa thumba la mtima. Pamenepo kuwononga ndalama pa majakisoni ndi kungotalikitsa ululu wake. Chiganizo chogulitsa kwa abutchala chipangidwe jakisoni asanabayidwe, chifukwa mankhwalawa amakhala mu nyama ndi mu mkaka kwa masiku olembedwa pa botolo, ndipo kugulitsa masikuwo asanakwane ndi kudyetsa anthu mankhwala. Nyamayo iyezedwe, ikakhala ya mafinya ambiri oyeza nyama angaikane, ndipo amakhala akutiteteza tonse.

Majumbo

Mbuzi za ku Chinsapo, Mtandire, Kauma ndi m'misika ya m'mbali mwa misewu zimadya jumbo chifukwa cha mchere ndi mafuta a tchipisi ndi mandasi otsalira m'menemo. M'chilimwe, udzu ukatha thupi n'kumasowa mchere, ng'ombe nazo zimatafuna matumba, zingwe ndi nsanza. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma aliyense woyenda m'tauni muno akudziwa zimene zili m'ngalande. M'chifu, majumbo amapotana n'kukhala chimpira cholimba cholanda malo a chakudya. Chiweto chimadya pang'ono, chimaonda, ubweya umanyankhalala, ndowe zimachepa, mimba imatupa n'kuphwa, n'kutupanso. Ambiri amachimwetsa mankhwala a njoka zam'mimba kawiri katatu asanaganize za pulasitiki.

Apa njira ndi ziwiri zokha. Palibe mankhwala, achikuda kapena achizungu, osungunula jumbo, ndipo mafuta amangotulutsa tizidutswa tochepa. Ndi opaleshoni kapena kupha. Ng'ombe ya mkaka, ng'ombe ya pangolo, tonde wa mtundu wabwino, zimenezo zichitidwe opaleshoni zisanafooke, popeza chiweto chowonda kwambiri sichipirira mpeni. Kwa mbuzi wamba, mtengo wa opaleshoni ungayandikire mtengo wa mbuziyo, ndipo sindingamuweruze mlimi amene wasankha kuigulitsa ikadali ndi mnofu.

Poyerekeza zonsezi, ndalama yochepa kwambiri imapita pa kupewa. Kudyetsa mapesi kapena masangwi ouma m'mawa ziweto zisanapite ku msipu, kudikira mame akamuke, kuwonjezera madeya pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, kuika mchere wonyambita m'khola, kudutsitsa maginito m'madeya a ku chigayo, kutola waya mukatha kukonza khola. Magulu a alimi a mkaka ndi makalabu a mbuzi angathe kusonkha n'kugula paipi, trocar ndi maginito, n'kupempha alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya dera lawo kuti aphunzitse anthu awiri atatu m'mudzi. Lilongwe ili ndi mwayi umene maboma ena alibe: madokotala a ziweto amaphunzira ku Bunda, pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, alangizi ambiri amachokera ku Natural Resources College, ndipo labotale yaikulu ya boma yoyezera matenda a ziweto ili ku Bwemba. Nambala ya alangizi ikhale m'foni ya mwini khola ndi ya mbusa yemwe.

Chiweto chikafa chotupa, musathamangire kusenda. Ngati chafa mwadzidzidzi, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, ikhoza kukhala anthrax, matenda amene amagwiranso anthu ndipo amakhala m'nthaka zaka zambiri nyama ikang'ambidwa. Musachitsegule, musadye, itanani alangizi. Akaona kuti si imeneyo, chitseguleni iwo ali pomwepo ndipo muone m'zifu zonse. Mukapeza waya, ng'ombe zotsala m'kholamo zimezetsedwe maginito. Mukapeza majumbo, zinzake zimene zimadyera malo omwewo zili nawonso, ndipo malo odyetsera asinthe sabata yomweyo.